Kaufiti: udzu woulula kuguga kwa nthaka

Kaufiti ndi udzu waufupi wa maluwa ofiira umene umamera m'minda ya chimanga, mapira ndi mchewere. Asayansi amautchula Striga asiatica. Ngwofala m'chigwa cha Lilongwe, choncho amene amalima kuseri kwa nyumba ku Area 3, kapena amachita lendi munda ku Mitundu ndi ku Mpingu, ayenera kuudziwa bwino.

Momwe amawonongera chimanga

Udzu monga kapinga, dawe ndi khovani umalimbirana ndi chimanga madzi, dzuwa ndi chakudya. Kaufiti yekha amayamwa chimanga chenichenicho. Njere yake, yaing'ono ngati fumbi, imamera pokhapokha ikamva timadzi totuluka m'mizu ya mbewu. Ikatero imakakamira muzu n'kuyamba kuyamwa. Pamene kaufiti akutulukira pamwamba, chimanga chimakhala chitapinimbira kale, masamba atafota ngati kwachita ng'amba.

Tsinde limodzi limabala njere zikwizikwi, ndipo njerezo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10. N'chifukwa chake khasu lokha silimuthetsa.

Mgwirizano wake ndi chonde

Kaufiti amakonda nthaka yoguga, makamaka kumene chimanga chimabzalidwa chaka ndi chaka popanda kasinthasintha. Chimanga chosowa nayitrojeni ndi fosforasi chimatulutsa timadzi tija tochuluka, motero chimadziitanira mdani. Chimanga chodya bwino chimatulutsa tochepa, chimakula msanga, ndipo mthunzi wake umafooketsa udzu wina.

Kuphimbira

Kuphimbira ndiko kuyala mapesi, masangwi a mtedza, masamba kapena udzu wouma wopanda njere pamwamba pa nthaka. Ndi imodzi mwa nsanamira 3 za ulimi wa mleranthaka, pamodzi ndi kusatembenuza nthaka komanso kasinthasintha wa mbewu. Muyeso wa bungwe la FAO ngwakuti zophimbira zikute magawo osachepera 30 pa 100 alionse a munda, koma pofuna kutsamwitsa udzu zimafunika zochindikala.

Zophimbira zimatchinga kuwala kumene njere zambiri za udzu zimafuna kuti zimere. Zimasunga chinyezi, zimaziziritsa nthaka, ndipo zikawola zimasanduka chajila. M'dziko muno njirayi yayesedwa ku Chitedze, malo a kafukufuku amene adakhazikitsidwa mu 1948 m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, komanso m'minda ya alimi a ku Nkhotakota mothandizidwa ndi mabungwe a Total LandCare ndi CIMMYT.

Mbewu ndi mitengo yothandiza

Soya, mtedza ndi thonje zimapusitsa kaufiti: mizu yake imachititsa njere kumera, koma kaufitiyo amalephera kuyamwapo ndipo amafa. Soya, mtedza ndi nandolo zimawonjezeranso nayitrojeni m'nthaka. Mtengo wa msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho umadyetsa chimanga osachitchinga dzuwa. Masamba a gilisidiya, manyowa a khola owolerana ndi kompositi zimathandiza feteleza kugwira bwino ntchito.

Zoyenera kusamala

Masabata 6 oyamba chimanga chitamera ndiwo ofunika kwambiri, ndipo udzu wobowola zophimbira uyenera kuzulidwa ukadali wanthete. Kaufiti azulidwe asanachite maluwa ndi kutenthedwa kunja kwa munda. Asaikidwe pa zophimbira kapena pa kompositi. Chisoso ndi bonongwe, ngakhale zili ndiwo, zithyoledwe zisanabale njere.

M'zaka zoyamba udzu umatha kuchuluka chifukwa nthaka sikutembenuzidwa, ndipo mapesi powola amayamba atenga nayitrojeni, choncho feteleza wobereketsa asachedwe. Chiopsezo china chimadza m'chilimwe: moto wa osaka mbewa ndi ziweto zongoyendayenda. Kwa wokhala mumzinda amene amaona munda wake mwa apo ndi apo, ntchito yolimbana ndi udzu imayamba mu Meyi pokolola, pamene amagwirizana ndi womulondera munda komanso mfumu ya deralo kuti mapesi asatenthedwe.