Injini ikazima pakati pa nyanja, tikatera kuti?

Msodzi wa ku Nkhotakota asanakankhe bwato amayamba wayang'ana mitambo, n'kumvetsera mphepo, kenaka amawerengera chamumtima: mwera ukandipeza uko, gombe lapafupi ndi liti, ndipo ndipalasa nthawi yaitali bwanji kuti ndikafike? Funso lomweli lakhala likuzunguza mitu akatswiri a ndege kwa zaka zoposa 70. Iwo anachita kulilemba m'malamulo, yankho lake n'kumaliwerenga m'mphindi.

Nyanja yathuyi inayamba kale kuphunzitsa anthu. Ngalawa za Jumbe, zimene m'zaka za m'ma 1800 zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kuchoka pa Nkhotakota kupita tsidya la kum'mawa, zinkadikira mphepo yabwino chifukwa pakati panalibe pokocheza. Pa 30 Julayi 1946, m'nyengo ya mwera, sitima ya Vipya inamira kufupi ndi Chitimba ndipo anthu 145 anafa.

Patangopita zaka zitatu, nyanja yomweyi inasanduka bwalo la ndege. Inde, mwawerenga bwino. Mu Novembala 1949 kampani ya ku Britain ya BOAC inayamba kutera pamadzi ku Cape Maclear ndi ndege zake za Short Solent, zamimba ngati bwato, za injini zinayi. Zinkachoka ku Southampton kupita ku Johannesburg, ulendo wa masiku oposa anayi, zikudumpha kuchoka pamadzi ena kupita pamadzi ena: Sicily, Iguputo, mtsinje wa Nile, Nyanja ya Victoria, kenaka kwathu kuno. Injini za nthawi imeneyo zinkafa pafupipafupi, choncho nzeru inali yoti uzikhala nazo zambiri komanso usatalikire potera. Koma ulendowu sunakhalitse. Pofika Novembala 1950 ndege zotera pamtunda zinalanda malo, ndipo Cape Maclear inabwerera kwa asodzi ake.

Ndiye ndege yamatayala ikakhala pamwamba pa nyanja yamchere, injini n'kutsokomola, zimatha bwanji? Mu 1953 boma la America linaika lamulo loti ndege yonyamula anthu ya injini ziwiri isamatalikire bwalo loti ingatere kupitirira mphindi 60, kuwerengera liwiro la injini imodzi. Tengani mapu, mujambule bwalo lozungulira pa eyapoti iliyonse, njira yanu isatuluke m'mizeremo. Pa nyanja ya Atlantic mizereyo sinkakumana bwino, motero maulendo aatali anakhala a ndege za injini zinayi monga Boeing 747, kapena zitatu monga DC-10.

Zinthu zinasintha injini za jeti zitaonetsa kuti sizifa chisawawa. Mu 1985 akuluakulu a zandege ku America analola mphindi 120, ndipo pa 1 Febuluwale chaka chomwecho Boeing 767 ya kampani ya TWA inachoka ku Boston kupita ku Paris pansi pa lamulo latsopanoli, lotchedwa ETOPS. Oyendetsa ndege amaseka kuti tanthauzo lake ndi loti injini zizizungulira, apo ayi okwera asambire. Mu 1988 malire anafika mphindi 180. Mu 1995 Boeing 777 inaloledwa mphindi 180 kuyambira tsiku loyamba kunyamula anthu. Mu 2014 Boeing 787 inapatsidwa mphindi 330, Airbus A350 mphindi 370. Tangoganizani, maola oposa sikisi ndi injini imodzi!

Mphindi zimenezi sapatsa ngati mbatata zapamaliro. Kuti mtundu wa injini uloledwe mphindi 180, uyenera kuonetsa kuti suzima m'mwamba kuposa kamodzi pa maola pafupifupi 50,000 ouluka. Kampani nayo iyenera kutsata malamulo ena, ndipo ambiri mwa malamulowa ali ndi ngozi imene inaonetsa kufunika kwake.

Loyamba: makaniko mmodzi asagwire ntchito yofanana pa injini zonse ziwiri nthawi imodzi. Pa 5 Meyi 1983 ndege ya Eastern Air Lines, Lockheed TriStar ya injini zitatu, inachoka ku Miami kupita ku Nassau. Injini zonse zitatu zinataya oilo pamwamba pa madzi chifukwa amakaniko sanaike timphira totseka oilo pa zitatu zonsezo. Oyendetsa analiza imodzi mwamwayi n'kubwerera ku Miami. Kuchuluka kwa injini sikuthandiza ngati dzanja lolakwitsa lakhudza zonse.

Lachiwiri ndi la moto. Pa 28 Novembala 1987 ndege ya South African Airways yotchedwa Helderberg, Boeing 747 yochokera ku Taipei kupita ku Johannesburg, inagwira moto m'chipinda cha katundu. Inagwera m'nyanja ya Indian isanafike ku Mauritius, ndipo anthu onse 159 anafa. Injini zinalipo zinayi, koma chimene chinasowa ndi nthawi. Lero zozimitsira moto m'chipinda cha katundu ziyenera kugwira ntchito nthawi yonse yothawira ku bwalo lapafupi, kuphatikizapo mphindi 15 zapadera. Ndipo mu 2007 America inaika ndege zonyamula anthu za injini zitatu ndi zinayi pansi pa malamulo omwewa zikatalikira kuposa mphindi 180.

Lachitatu ndi la mafuta. Ndege isananyamuke amawerengera tsoka loipitsitsa: injini yazima, mpweya wa m'ndege watuluka, ndiye yatsikira pa mamita pafupifupi 3,000 pomwe anthu angapume koma mafuta amatha msanga, ndipo zonsezi zachitikira pamalo atali kwambiri ndi bwalo lililonse. Mafuta akwane ngakhale zitatero. Amafunsanso ngati mabwalo othawirako ali otsegula komanso ngati nyengo yake ilola kutera pa ola limene ndege ingafikeko.

Ubwino wa bwalo lothawirako unaoneka pa 24 Ogasiti 2001. Airbus A330 ya Air Transat, yochoka ku Toronto kupita ku Lisbon, inayamba kudontha mafuta chifukwa cha chipangizo cholakwika chimene chinaikidwa posintha injini. Injini zonse ziwiri zinazima. Kaputeni Robert Piché anaiyandamitsa ngati mphamba makilomita pafupifupi 120 mpaka pa bwalo la Lajes, pa zilumba za Azores. Anthu onse 306 anapulumuka. Bwalolo likanapanda kukhala panjira, bwenzi tikunena zina.

Mwina mukuti, ife a Malawi zikutikhudza pati? Mchemwali wanu wopita kusukulu ku America kudzera ku Addis Ababa, kapena achimwene ochoka ku Joni kupita ku Brazil, nthawi zambiri amaoloka nyanja pa ndege ya injini ziwiri. Pamene iwo ali mtulo, woyendetsa amakhala akudziwa, mphindi iliyonse, dzina la bwalo limene angathawireko.

Kwathu kuno tilibe nyanja yamchere, ndipo malamulo a ETOPS sakhudza tindege ta maulendo a m'dziko. Koma funso lija limatikhudza. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa paulendo wa ku Mzuzu nyengo itaipa, ndipo anthu 9 anafa, kuphatikizapo Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima. Kuyambira tsikulo tonse tinadziwa kuti chifunga cha pa Viphya chimatha kubisa nthaka ngati mmene nyanja imabisira gombe.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Maiko ena anatenga ngozi zawo n'kuzisandutsa ziwerengero zoti woyendetsa sangakambirane nazo. Ifenso tili ndi ufulu wofunsa, kaya tikukwera ndege pa Chileka kaya boti la injini imodzi m'nyengo ya mwera: zikavuta tithawira kuti, n'kutali bwanji, ndipo mafuta akwana? Woyendetsa wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso amenewa, chifukwa amakhala atadzifunsa kale asanalize injini.