Pamene buku limodzi linkadya khola lonse la ng'ombe

M'chaka cha 716, Ceolfrith, mkulu wa amonke a ku Wearmouth ndi Jarrow kumpoto kwa England, ananyamuka ulendo wa ku Roma atasenza mphatso ya Papa. Mphatsoyo inali Baibulo lathunthu la Chilatini lolembedwa pamanja, lolemera makilogalamu 34. Nkhalambayo sinafike, inatsikira kulichete ili m'njira, pa Langres m'dziko la France. Koma bukulo likadalipo mumzinda wa Florence, ndipo amalitcha Codex Amiatinus. Kuti lilembedwe panafa ana a ng'ombe oposa 500, komanso amonkewo sanapange limodzi ayi, anapanga atatu.

Tisadabwe, pakuti pepala linali lisanafike ku Ulaya. Ofuna kulemba ankayambira kukhola. Chikopa cha ng'ombe, nkhosa kapena mbuzi ankachiviika m'madzi a laimu masiku angapo kuti ubweya uyoyoke, kenako n'kuchikunga pathabwa ndi kuchipala ndi mpeni wokhota mpaka chipyapyale. Cholembera chinali nthenga ya tsekwe yosongoledwa. Inki yakuda ankaipanga kuchokera ku timibulu tomera pa mitengo ya oak tikasakaniza ndi mchere wa chitsulo. Mlembi akalakwitsa, ankapala chilembocho ndi kampeni, n'chifukwa chake pa zithunzi zakale mumamuona nthenga ili kudzanja lina, mpeni kudzanja lina.

Buku la masamba osokedwa pamodzi linayamba kulanda malo a mpukutu m'zaka za m'ma 300, ndipo Akhristu ndiwo analikonda msanga. Tsamba losalala, losapindidwapindidwa ngati mpukutu, linkasunga utoto osasuluka kapena kusweka. Mabuku ena akale kwambiri a Uthenga Wabwino okhala ndi zithunzi sali ku Ulaya konse, ali konkuno ku Africa, m'nyumba ya amonke ya Abba Garima pafupi ndi Adwa ku Ethiopia. Analembedwa m'chinenero cha Ge'ez, ndipo atapimidwa zinaoneka kuti ndi a pakati pa zaka za m'ma 300 ndi 600.

Komabe luso lokongoletsa mabukuli linachita kunyanyira pa tizilumba tozizira ta kumadzulo kwa Ulaya. Pa Lindisfarne, cha m'ma 700, mmonke wina dzina lake Eadfrith analemba ndi kukongoletsa mabuku anayi a Uthenga Wabwino, masamba ena osalembapo mawu n'komwe, koma mizere yolukanalukana ngati mkeka, ndi mbalame zolumana makosi ndi miyendo. Patapita zaka zoposa 200, wansembe wina dzina lake Aldred anatenga nthenga n'kulemba timawu ta Chingerezi chakale pamwamba pa mawu a Chilatini, liwu ndi liwu. Wosunga mabuku wa lero akanamuthamangitsa. Koma timawu timeneto ndiwo Uthenga Wabwino wakale kwambiri umene ulipo m'Chingerezi, chinenero chimene panthawiyo chinali cha kumudzi, chongopempha malo pakati pa mizere.

Buku la Kells, la cha m'ma 800, ndiye losaneneka. Lili ndi masamba 340 ndipo limasungidwa ku Trinity College ku Dublin. Tsamba lina lonse lathunthu linaperekedwa kwa zilembo za Chigiriki zoyambira dzina la Khristu. Ukayang'anitsitsa kumunsi kwake, pakati pa mizere yopotana ija, upezapo amphaka ndi mbewa, komanso katumbu ataluma nsomba. Ine ndimaona kuti amene anajambula katumbuyo anamwetulira yekhayekha. Cha m'ma 1007 akuba analiba bukulo, ndipo linapezeka patatha miyezi iwiri ndi masiku angapo litakwiriridwa pansi pa dothi, chikuto chake cha golide atachisupula. Akubawo anatenga chodziwa mtengo wake, zinazo n'kutaya.

Ena amaganiza kuti zokongoletsazi zinali manyado chabe. Ayi. Mabuku amenewa analibe manambala a masamba, ndipo mitu ndi ndime za Baibulo zimene tazolowera zinadza pambuyo. Chilembo chachikulu chofiira kapena chagolide chinkauza wowerenga pamene nkhani yayambira, ndipo chithunzi chinkamuthandiza kukumbukira pamene analekezera. Panalinso za ulemu: mawu a Mulungu ankayenera kuvekedwa ngati mfumu. Mafumu enieni anaziona zimenezi. Mfumu Charlemagne anaitanitsa katswiri wa maphunziro Alcuin wa ku York, ndipo m'nthawi yawo munafala kalembedwe ka zilembo zazing'ono zowerengeka bwino, kamene ndiko gwero la zilembo mukuwerengazi.

Utoto unali ndi maulendo akeake. Golide ankamusula mpaka apyapyale kuposa tsamba la anyezi, n'kumumata patsamba, kenako kumukwecha ndi dzino la galu kuti anyezimire. Utoto wabuluu wapamwamba unkachokera ku mwala wa lapis lazuli wokumbidwa ku mapiri a Badakhshan ku Afghanistan. Mu 2019 ofufuza analengeza kuti apeza timibulu ta mwala umenewu m'litsiro louma la m'mano a mayi wina amene anaikidwa pa kanyumba ka masisitere ku Dalheim m'dziko la Germany, zaka pafupifupi 900 zapitazo. Zikuoneka kuti ankanyambita nsonga ya burashi kuti isongoke. Dzina lake silinalembedwe paliponse, koma mano ake ndiwo anamuchitira umboni kuti ntchitoyi sinali ya amuna okha.

Pofika zaka za m'ma 1200 ntchito inatuluka m'mipanda ya amonke n'kulowa m'tauni. Mayunivesite a ku Paris ndi Bologna ankafuna mabuku ambiri, ndiye kunabadwa amisiri olemba ndi kujambula pofuna ndalama. Anthu opeza bwino anayamba kuitanitsa timabuku ta mapemphero a maola osiyanasiyana a tsiku. Lotchuka koposa ndi Très Riches Heures, limene abale atatu a banja la Limbourg anajambulira Jean, kalonga wa ku Berry. Pa tsamba la mwezi wa February, chipale chofewa chakuta mudzi, nkhosa zaunjikana m'khola, ndipo alimi akuwotha moto atakwinya zovala mpaka m'ntchafu. Abale onse atatu anamwalira mu 1416, mwini bukunso chaka chomwecho, ntchito isanathe.

Cha m'ma 1455, ku Mainz, Johannes Gutenberg anasindikiza Mabaibulo pafupifupi 180 pa nthawi imene mlembi mmodzi akanakhala akadalimbana ndi limodzi. Ngakhale iye sanayerekeze kutulutsa buku losavala: anasiya mipata kuti wogula akapeze mmisiri womujambulira zilembo zikuluzikulu pamanja. Osindikiza ena a pambuyo pake ankaika kachilembo kakang'ono pakati pa mpatawo, kuti wojambula adziwe choti ajambule. M'mabuku ambiri a nthawi imeneyo mipata ija ikadali yoyera mpaka lero, kachilembo kaja kali kokhakokha pakati, wojambula sanabwere.