Misasa ya ku Mukuni: Mbiri ya Msonkhano wa Mabanja Athu

M'zaka 50 za mpingo wathu tamanga nyumba yopemphereramo, nyumba ya abusa ndi mpanda, ndipo zonsezi aliyense akuziona. Pali chinanso chimene takhala tikumanga chaka ndi chaka n'kuchiphwasula pakatha masiku atatu. Chimenechi ndi misasa ya udzu ya ku Mukuni. Ambiri amene lero ndi akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano anayamba kugona m'misasa imeneyi akadali kumsana kwa amayi awo, choncho n'koyenera kuti mbiri yake ilembedwe.

Kumene mwambowu unachokera

Muzu wake uli m'Buku Lopatulika. Pa Levitiko 23 ana a Israele analamulidwa kukhala m'misasa masiku 7 chaka chilichonse, kuti mibadwo yawo izikumbukira ulendo wa m'chipululu. Pa Deuteronomo 31 tikuona kuti chilamulo chinkawerengedwa pa madyerero omwewa, ndipo ana aang'ono ndi alendo omwe ankayenera kukhalapo.

Amishoni amene anatibweretsera Uthenga Wabwino anachokera ku Orange Free State, ku South Africa. Kwawoko alimi ankakhala kutali ndi tchalitchi, ndiye nthawi ya Mgonero wa Ambuye, umene iwo ankautcha Nagmaal, banja lonse linkakwera ngolo ya ng'ombe n'kukagona pabwalo la tchalitchi masiku angapo. Abusa P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr atatsegula Magwero mu 1899, ndipo pambuyo pake atatsegulidwa Madzimoyo mu 1903 ndi Nyanje mu 1905, makolo athu nawonso ankayenda pansi kuchokera kumidzi, atasenza ufa ndi mphasa, kukagona ku mishoni podikira Mgonero.

Mpingo wa alendo

Tauni ya Livingstone inakula chifukwa cha njanji ndi mlatho wa pa mathithi umene unatha mu 1905. Inali likulu la dziko kuyambira mu 1911 mpaka mu 1935 pamene boma linasamukira ku Lusaka. Anthu a kum'mawa anabwera kuno kudzagwira ntchito ku njanji, ku polisi, m'masukulu ndi m'mafakitale. Kuchokera kuno kukafika ku Chipata ndi makilomita oposa 1,000, ndipo munthu wa malipiro ochepa sakanatha kupita ndi ana onse kumudzi chaka chilichonse. Ana obadwira ku Maramba, ku Libuyu ndi ku Dambwa ankakula akulankhula Chitonga ndi Chilozi pamasewera, ena osawadziwa n'komwe amalume awo.

Vuto limeneli ndi limene oyambitsa mpingo anafuna kulithetsa. Anagwirizana kuti kamodzi pachaka, pa tchuthi cha sukulu cha Ogasiti, mabanja onse azigona malo amodzi kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu, ndipo banja lililonse liziitana abale ake. M'malo molipirira anthu asanu ndi awiri ulendo wa kumudzi, ankasonkherana n'kutumiza ndalama ya basi ya agogo kapena azakhali.

Poyamba misasa inkamangidwa pabwalo la tchalitchi. Malire ndi Rhodesia anatsekedwa mu Januwale 1973, njanji ya pamlatho inatsegulidwanso mu 1978, ndipo zaka zonsezo kugona kuthengo pafupi ndi Zambezi kunali kuika moyo pachiswe. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 m'pamene akulu anayamba kufuna malo kunja kwa tauni.

Ku Mukuni

Mukuni ndi mudzi waukulu wa Aleya, umene unalipo kale David Livingstone asanaone mathithi mu 1855. Mfumu Mukuni amalamulira pamodzi ndi mayi wa udindo wa Bedyango. Ife kumeneko ndife alendo, ndipo chaka chilichonse akulu a mpingo amayamba apita kukaomba m'manja kwa eni nthaka asanadule mtengo ngakhale umodzi.

Ntchito inkagawidwa bwino. Anyamata ankatsogola Lachinayi kukazika mitengo ndi kumanga udzu. Atumiki ankaona za madzi, pakuti dera limenelo ndi la mchenga ndipo migolo inkabwera pa lole kuchokera m'tauni. Amayi a Chigwirizano ankaika mafuwa kutali ndi misasa, chifukwa mphepo ya Ogasiti ikakumana ndi udzu wouma sizitha bwino. Abambo ankasinthana kulonda usiku ndi moto ndi zitini zoomba, popeza njovu za kuno sizidziwa mpanda.

Ana ndiwo ankavutitsa, ndipo ana omwewo ndiwo anali cholinga. Panali lamulo lakuti mwana wosafika zaka 5 azigona m'neti ndi amayi ake kapena agogo ake, ndipo wina aliyense wopitirira zaka 10 azipatsidwa wamng'ono mmodzi womuyang'anira. Mwana akalira pakati pa ulaliki, amene ali pafupi ndiye ankamunyamula, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Loweruka m'mawa kunkakhala Sande sukulu ndi kalasi, masana kuimba, ndipo madzulo agogo ankakamba nthano. Pamoto pomwepo ana a m'tauni ankaphunzira kugwada popereka madzi, kunena kuti "zikomo agogo" ndi manja awiri, ndi kudziwa kuti msuweni ndi ndani. Ankhoswe nawo ankapezerapo mpata wokhala pansi ndi mabanja amene zinthu sizinkayenda, kuti Lamulungu onse afike pa Mgonero atayanjana.

Zaka zovuta

Nthawi imene ufa, sopo ndi mafuta ophikira zinkasowa m'masitolo m'zaka za m'ma 1980, mabanja ankayamba kusunga pang'onopang'ono miyezi ingapo msonkhano usanafike. M'chilala cha 1992 mphika unali umodzi wa onse, ndipo ana ndi okalamba ndiwo ankayamba kudya. Mafakitale atatsekedwa, abale ambiri anasamukira ku Lusaka kapena kubwerera kumudzi, misasa n'kuchepa. Mu 2020 matenda a COVID-19 analetsa misonkhano ikuluikulu, ndipo sitinamange msasa ngakhale umodzi.

Ntchito ya m'badwo uno

Lero ambiri amabwera ndi matenti, ena amafika ndi galimoto Lamulungu m'mawa n'kubwerera madzulo. Achinyamata athu ochuluka amagwira ntchito m'mahotela, ndipo Ogasiti ndiyo nyengo imene alendo oona mathithi amachuluka. Makolo ena amasiya ana kunyumba poopa fumbi ndi kuzizira kwa usiku. Zifukwazi n'zomveka, koma tikumbukire chimene makolo athu ankafuna: mwana agone pafupi ndi agogo ake, adye mbale imodzi ndi asuweni ake, amve Mawu a Mulungu m'chinenero cha kwawo. Vidiyo ya pafoni singathe kuchita zimenezi.

Pa Nehemiya 8 timawerenga kuti anthu obwerera ku ukapolo anapeza kuti madyerero a misasa anali atalekeka, ndipo anapita kumapiri kukadula nthambi n'kuyambiranso. Abale ndi alongo, Ogasiti akubwerayu pemphani tchuthi msanga, sonkheranani ndalama ya basi ya agogo, ndipo mubwere ndi ana onse, ngakhale wa kumsana.