Za Malimidwe ndi Njala kwa Malemia

 Lero tikambe za makedzana, pakuti mizere imene mukuunga m'minda mwanu chaka ndi chaka ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi yowawa.

Kumapeto kwa chaka cha 1948 mvula inadula m'Chigawo cha Kumwera, chimanga n'kupserera chili chaching'ono. Ndiyo njala ija ya 1949 imene agogo athu amaitchulabe. Inavuta koposa m'boma la Blantyre, koma ndi kuno komwe nkhokwe zinali gwa! Amuna ambiri anachoka kukasuma kutali, ena osabweranso, kotero kuti amene anazunzika kwambiri anali akazi osiyidwa ndi ana, pamodzi ndi nkhalamba. Boma linaitanitsa chimanga kuchokera kunja ndi kutsegula malo ogawirako chakudya. Amene anali ndi chinangwa, mapira kapena dimba m'mbali mwa mtsinje anapepukidwako.

Bwanamkubwa wa nthawiyo, Geoffrey Colby, ndi akuluakulu a zaulimi anaganiza kuti gwero la vutoli ndi kukokoloka kwa nthaka. Pamenepa sanalakwe kwenikweni, pakuti aliyense wolima pamalo otsetsereka adziwa mmene madzi a m'phiri amatengera dothi. Tsono anakhwimitsa malamulo akuti anthu aleke kulima matutu, aziunga mizere yopingasa ndi kukumba milambala. Ntchito ya milambala inali yolemetsa, yogwiridwa m'chilimwe nthaka ili gwa, ndipo wolephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Taganizani mkazi wamasiye wopanda womuthandiza, wangotuluka kumene m'njala, n'kumuuza kuti alipire mlandu wa mlambala. Anthu anatcha zonsezi malimidwe, ndipo mlangizi akaoneka panjira ankamuona ngati wapolisi.

M'chaka chomwecho cha 1949 Boma linayamba ntchito yoyesera chitukuko cha m'midzi ku Domasi, yokhudza ulimi, sukulu za akulu ndi makhonsolo. Zina zinali zabwino ndithu. Koma mu 1953, pamene anthu anali kukana Chitaganya, mkwiyo wa malimidwe unasakanikirana ndi wa ndale. Kunabuka zipolowe ku Thyolo, ku Domasi ndi kwina, ndipo anthu 11 anaphedwa m'chigawo chino. Chodabwitsa n'chakuti chikakamizo chitatha, mizere sinathe. Lero palibe amene amalipitsidwa chifukwa cha mzere, koma yendani kuchokera ku Songani kukafika ku Malosa, simudzaona munda wa chimanga wa matutu. Ine ndiyesa kuti chimene anthu anakana sichinali khasu koma chikoti.

Zimene zinakhalitsa ndi zija zotsamira pa madzi a m'mapiri athu. Mu 1957 anatsegula maiwe oyesera kuweta nsomba ku Domasi, kumene kwakhala kukuchokera mbewu ya makumba ndi chilunguni. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndi chithandizo cha akatswiri a ku Taiwan, anamanga sikimu ya mpunga ya Domasi kumunsi kwa mtsinjewo, chakufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mlimi wa m'sikimu amatha kukolola kawiri pa chaka madzi akakhalapo.

Koma njala inabweranso mu 2002. Boma linayesa njira ina: timatumba ta mbewu ndi feteleza taulere kuyambira 1998, kenaka makuponi kuyambira 2005. Chimanga chinachuluka m'zaka za mvula yabwino, izi sitingakane. Komabe kuponi sankafika pa khomo lililonse, ndipo wosauka weniweni nthawi zina ankagulitsa kuponi wake kuti agule ufa wa tsikulo. Ikafika Januwale asiya munda wake uli tchire n'kupita kukapalira wa mnzake paganyu, motero chaka chamawa akololanso zochepa. Anthu ake ndi omwe aja a 1949: amasiye, okalamba, ndi a kamunda kosakwana ekala imodzi.

Apa mpamene inu mafumu muli ndi mphamvu yoposa ya mlangizi, pakuti ndinu mudziwa amene ali ndi dimba ndi amene alibe, ndiponso amene akuotcha makala m'nkhalango ya Malosa. Mitengo ya m'phirimo ndiyo isunga madzi a Domasi ndi Likwenu kuti ayende mpaka m'chilimwe. Nyanja ya Chilwa, kumene Domasi amathira, inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo nthawi zonsezo asodzi a matemba anasowa pogwira.

Sabata ya mawa, nthawi yomwe ino, tidzakamba za kasungidwe ka mbewu ya chinangwa ndi ya mbatata m'miyezi ya dzuwa. Tsalani bwino.