Gertrude Elion: Dzina Lobisika M'mapiritsi Athu

Pa mbiri yakale tinkaloweza mayina a mafumu ndi akuluakulu a nkhondo. Koma ndikufunseni owerenga anga, ndani mwa ife angatchule munthu amene anapanga piritsi limene anamwa dzulo? Lero ndikufuna ndikambe za mmodzi mwa anthu otere, Mayi Gertrude Elion.

Mayiwa anabadwa mu 1918 mumzinda wa New York. Ali ndi zaka 15, agogo awo aamuna anamwalira ndi khansa, ndipo imfa imeneyi ndi imene inawakankhira ku sayansi. Anamaliza maphunziro a chemistry pa Hunter College mu 1937, koma ntchito ya kafukufuku inavuta. Chifukwa chake? Anali mkazi, basi. Anaphunzitsako sukulu, mpaka kugwirako ntchito yoyeza zakudya za m'sitolo. Mwayi unabwera ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse: amuna atapita kunkhondo, malo anatseguka. Mu 1944 analembedwa ntchito pa kampani ya Burroughs Wellcome, pansi pa George Hitchings.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi njira imene awiriwa anatsata. Nthawi imeneyo ambiri ankapeza mankhwala mongoyesayesa. Iwo anayamba ndi funso: kodi selo ya khansa kapena kachirombo kamafuna chiyani kuti kaswane? Kamafuna DNA, ndipo DNA imamangidwa ndi tizidutswa tina, monga totchedwa purine. Ndiye Mayi Elion ankapanga tizidutswa tabodza tofanana ndi teniteni. Zili ngati kupatsa mmisiri njerwa yooneka bwino koma yosagwira: akaiika, chipupa sichikweranso.

Mu 1951 anapanga 6-mercaptopurine, mankhwala amene mpaka lero amathandiza ana odwala khansa ya m'magazi. Kuchokera pamenepo panatuluka azathioprine, amene amaletsa thupi kukana impso yopatsidwa ndi munthu wina, komanso allopurinol wa matenda a gout.

Mwina mukuti, nanga ife zikutikhudza pati? Gulu lawo lomwelo ndi limene linatulukira pyrimethamine, amene ali mu Fansidar. Paja mu 1993 Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba kuchiza malungo ndi Fansidar, ndipo amayi oyembekezera amalandirabe mankhwalawa kusikelo. Linatulukiranso trimethoprim, amene ali mu Bactrim, yemwe abale athu ambiri amene ali ndi HIV amamwa tsiku ndi tsiku.

Kuyambira 1967 Mayi Elion anatsogolera dipatimenti yawoyawo. Mnzawo Howard Schaeffer atapanga acyclovir, gulu la mayiwa ndi limene linafotokoza mmene mankhwalawa amagwirira kachirombo koyambitsa nsungu ndi mashingozi, osawononga maselo abwinobwino. Izi zinatsimikizira akatswiri kuti n'zotheka kulimbana ndi mavairasi popanda kupweteka wodwala. Anapuma ntchito mu 1983, ndipo ofufuza a kampani yomweyo, potsata njira yawo, anafikitsa AZT kwa odwala Edzi mu 1987.

Mu 1988 analandira mphotho ya Nobel limodzi ndi Hitchings ndi James Black. Koma taonani: analibe digiri ya PhD. Anaiyamba madzulo akaweruka, koma atauzidwa kuti asankhe pakati pa sukulu ndi ntchito, anasankha ntchito. Atapuma, ankaphunzitsa kafukufuku ophunzira zaudokotala pa yunivesite ya Duke. Anamwalira mu 1999.

Nkhaniyi imandisiyira funso lowawa. Mayiwa analowa mu labotale chifukwa choti amuna kunalibe. Bwenzi nkhondo isanawatsegulire chitseko, ana angati akanafa podikira wina? Nanga lero, ndi atsikana angati a mutu ngati umenewu amene tikuwauza kuti sayansi ndi ya anyamata, n'kuwabweza pakhomo?