Mmene Adachi Anamangira Sitima za Nthunzi za ku Java

Ana inu, tsegulani mapu a dziko lapansi, ndipo aphunzitsi akuthandizeni kupeza kadziko ka Netherlands ku Ulaya. Eni ake timawacha Adachi. Tsopano yendetsani cala canu kutsika ndi gombe la kumadzulo kwa Africa, muzungulire ku Cape Town, muoloke nyanja yaikulu ya India kufikira mutakhudza cisumbu ca Java. Umenewo ndiwo unali ulendo wa Adachi popita ku zisumbu zimene anali kulamulira, zimene lero ndi dziko la Indonesia. Combo ca matanga cinali kutha miyezi itatu kapena inai panjira, ndipo mphepo ikaleka, naco cinali kuima.

Conco pamene sitima za nthunzi zinaoneka, boma la Adachi linazikhumbira kwambiri. Munthu amene anatsogolera nchitoyi ndi Gerhard Moritz Roentgen, amene kale anali msilikari wa pamadzi. Iye anathandiza kuyambitsa kampani ya sitima za nthunzi mu 1823, namanga malo opangira sitima ku Fijenoord, mu mzinda wa Rotterdam. Anakonzanso za sitima yaikulu yochedwa Atlas, yoti idziyenda mpaka ku Java. Ndalama zambiri zinathera pamenepo, koma sitimayo inalephera poyesedwa, ndipo ku Java sinafikeko konse. Imene inachuka ndi ina yaing'ono, Curaçao, imene mu 1827 inaoloka nyanja ya Atlantic nifika ku Paramaribo, ku Suriname. Komatu iyi sanaimange Adachi. Anacita kuigula ku England.

Kodi cinali kubvuta nciani? Malasha. Injini za masiku amenewo zinali kudya malasha ambiri zedi. Kuti sitima ifike ku Java inayenera kudzazidwa malasha okhaokha, katundu ndi anthu nkusowa malo. Tayerekezani ngolo imene yasenza udzu wa ng'ombe zoikoka, mwini wake nkutsala pansi ndi matumba ace a cimanga.

Pamenepa Adachi anapeza nzeru yina. Anati ngati sitima ya nthunzi singathe kudzifikitsa yokha ku Java, inyamulidwe. Mu 1825 ku Surabaya, doko la pa Java pomwepo, kunamangidwa sitima yochedwa Van der Capellen. Thupi lake linapangidwa komweko, koma injini inacokera ku England. M'zaka za m'ma 1830 amisiri a ku Fijenoord anapanga sitima ziwiri zacitsulo, Hekla ndi Etna. Zitsulo zake anazilongedza m'zombo za matanga zidutswazidutswa, ndipo ku Surabaya amisiri anazilumikiza ndi misomali yofiira ndi moto kufikira sitima itaima yathunthu. Ganizani za mmisiri amene wapeza kuti citsulo cimodzi sicikukwana, pamene fakitale imene inacipanga iri kutali ulendo wa miyezi inai. Anayenera kucisula yekha.

Sitima zimenezi zinali zazing'ono, koma pakati pa zisumbu zinali zoopsa. Sizinali kudikira mphepo, ndipo zinali kulowa m'mitsinje ndi m'madzi osaya. Adachi anali kunena kuti nzothamangitsira acifwamba a panyanja. Acifwambawo analipodi. Koma sitima zomwezo zinali kunyamulanso asilikari ndi mizinga kukagonjetsa mafumu amene anakana ulamuliro wa alendo. Van der Capellen inatumikira pa nkhondo ya pa Java ya 1825 mpaka 1830, pamene Diponegoro anaukira Adachi. Nkhondoyo itatha, alimi a pa Java anakakamizidwa kulima khofi, nzimbe ndi zina zoti zigulitsidwe ku Ulaya.

Zinthu zinasintha mu 1869, pamene ngalande ya Suez inatsegulidwa. Njira inafupika, ndipo injini zatsopano, zogwiritsa nchito nthunzi imodzi kawiri, zinacepetsa malasha. Roentgen anali atayesa kale injini ya mtundu umenewu zaka makumi anai m'mbuyomo, koma iye sanaone phindu lake pa njira ya ku Java, pakuti anamwalira mu 1852.

Mu 1870 ku Amsterdam kunayambika kampani ya Nederland yoti idziyendetsa sitima kupita ku Batavia, mzinda umene tsopano ndi Jakarta. Nzomvetsa cisoni kwa Adachi kuti amisiri ao anali atatsalira m'mbuyo, kotero sitima zoyamba anakazimangitsa ku Glasgow, kwa John Elder. Yoyambayo, Willem III, inapsa ndi moto mu 1871 pa ulendo wake woyamba, isanapitirire gombe la England. Mu 1875 anatsegula malo atsopano opangira sitima, De Schelde, ku Vlissingen. Ndipo pamene kampani ya KPM inayamba kuyendetsa sitima pakati pa zisumbu mu 1891, itanyamula makalata, katundu ndi asilikari a boma, sitima zake zatsopano zinali zomangidwa ndi Adachi eni, kwao komweko.