Dzina la Mzinda M'mizu ya Chomera: Mbiri ya Kafukufuku wa Zomera ku Gaborone

Kwa zaka zambiri, mitengo ya mankhwala ya mu Africa inkakumbidwa kuno koma nkukadziwika kunja. Chitsanzo ndi sengaparile, chomera cha m'chipululu cha Kalahari chimene Asan ndi Atswana akhala akuchiritsira nyamakazi. Mizu yake idatumizidwa ku Ulaya, ndipo mankhwala otchedwa harpagoside adapatulidwa ndi kupatsidwa dzina ku Germany m'zaka za m'ma 1960. Nzeru idali ya eni nthaka, koma mbiri idapita kwa eni makina.

Chidasowa kuno chidali zida. Kupatula mankhwala m'chomera ndi ntchito yofuna kudekha: mizu imayanikidwa, kuperedwa, kenako kuviikidwa mu methanol kuti zam'kati zisungunuke. Msuziwo umatsanuliridwa mu chubu chagalasi chodzadza ndi ufa wa silica, momwe mankhwala osiyanasiyana amatsika pa liwiro losiyana mpaka kulekana. Izi wophunzira angathe kuchita mu labotale wamba. Koma kuti adziwe mmene maatomu alumikizirana m'chimene wapatulacho, pamafunika makina a NMR, omwe ndi okwera mtengo kwambiri.

Yunivesite ya Botswana, yomwe idakhazikitsidwa mu 1982, idathandiza kusintha zimenezi. Mu 1994 kudafika Pulofesa Berhanu Abegaz wa ku Ethiopia, yemwe adaphunzitsa kemisitiri ku Gaborone mpaka 2011, pomwe adakatsogolera African Academy of Sciences ku Nairobi. Kudzera m'bungwe la NABSA, lomwe iye ankaliyendetsa, ofufuza a m'mayiko ena a mu Africa ankatumiza zimene apatula kuti zikayezedwe pa makina a ku Gaborone, ena nkubwera okha kudzaphunzira. Mutu umodzi susenza denga: makina a yunivesite imodzi adatumikira mayunivesite ambiri.

Chipatso chodziwika cha ntchitoyi chidaoneka mu 2002, pomwe Abegaz ndi anzake adalengeza mu Journal of Natural Products za mankhwala atsopano ochokera m'mizu ya Bulbine frutescens. Awiri mwa iwo adawatcha gaboroquinone A ndi B, polemekeza mzindawu. Mankhwalawa ndi a banja limodzi ndi knipholone, yemwe Ermias Dagne wa ku Addis Ababa ndi Wolfgang Steglich adamupatula mu 1984.

Komabe tisakokomeze. Pa ntchitoyi padali dzanja la Gerhard Bringmann wa ku Würzburg, ndipo kuyesa mankhwalawa pa tizilombo ta malungo kudachitikira ku Basel. Gaboroquinone sadasanduke mankhwala a m'chipatala. Chidasintha ndi malo a Mwafirika pa kafukufukuyu: kale ankangotumiza mizu, tsopano adapatula yekha, kuyeza, ndi kutcha dzina. Pachikhalidwe chathu wotcha mwana dzina sakhala mlendo pakhomopo, ndipo pa sayansi wotcha dzina ndiye amakhala ndi mawu tsiku limene phindu la chomeracho lidzakambidwe.